Funsani Tikuyankheni: Kodi ndani analamulira bwino dziko lino?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, yoyerekeza atsogoleri asanu ndi mmodzi amene alamulirapo dziko la Malawi kuyambira mu 1964. Tasankhapo anayi, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ine ndine wachikulire, ndipo ulamuliro wa Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda ndinauona ndi maso angawa. Misewu inali yosamalika, ADMARC inkafika kumudzi kudzagula mbewu pa nthawi yake, kwacha inali ndi mphamvu, ndipo mbava zinkachita mantha. Adzukulu anga amati ndimangokumbukira zokoma zokhazokha. Kodi mwa atsogoleri asanu amene abwera pambuyo pake alipo amene angafanane naye? Bambo wa ku Kasungu.

Yankho: Bambo, zimene mwatchulazi sizopeka, ndipo adzukulu anuwo asakutsutseni pa zinthu zimene munaziona nokha. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 chifukwa cha khama la Kamuzu. Yunivesite ya Malawi, chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, bwalo la ndege la ku Lumbadzi, msewu wa m'mbali mwa nyanja, komanso sukulu ya Kamuzu Academy imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, zonsezi ndi za m'nthawi yake. Pa nkhani ya mwambo wa ogwira ntchito m'boma, ife tikuona kuti palibe wina amene wafikapo pamene iye anafika.

Komabe tisanamuike pa sikelo imodzi ndi anzake, tikumbuke kuti iye analamulira zaka 30, pamene mwa enawo palibe amene wapyola zaka 10, ndipo wina anangokhalapo zaka ziwiri. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, pamene wa mu 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, onsewo akudalira nthaka yomweyo, imene tsopano inaguga ndipo sibereka popanda feteleza. Kuyerekeza zokolola za alimi awiri osafunsa kuti wina analima kudambo ndipo wina pamchenga ndi kuweruza mokondera.

Pali mbali ina imene adzukulu anu akulozako, ndipo imeneyi ndi yolemera. Munthu ankabwezedwa pa chipata cha msika kapena pa khomo la basi chifukwa chosaonetsa khadi la chipani, ndipo ayufi ndi apayoniya sankafunsa ngati munthuyo ali ndi ndalama yogulira khadilo. ADMARC imene mukuikumbukirayo inkagula mbewu za mlimi wamng'ono pa mtengo wotsika, phindu lake n'kumakathandiza minda ikuluikulu ya anthu ochepa, ndipo mlimi wakumudzi sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, mu September 1964, nduna zimene zinkatsutsana naye, monga a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Henry Masauko Chipembere, zinachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, ndipo zambiri zinathawira kunja. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1967 a Mboni za Yehova analetsedwa, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, anthu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. A Orton Chirwa anamwalirira m'ndende ya ku Zomba mu 1992.

Chimene chimasokoneza kukumbukira kwathu n'chakuti wailesi inali imodzi ndipo nyuzipepala zinkalemba zokomera boma zokha. Njala ikagwa kapena ndalama zikasowa sizinkalengezedwa, pamene zolakwa za atsogoleri a masiku ano timazimva m'mawa uliwonse pa wailesi ndi pa foni. Choncho yankho lathu ndi lakuti pa zomangamanga ndi pa dongosolo Kamuzu ali patsogolo, koma pa ufulu wa munthu ali kumapeto kwenikweni, chifukwa kwa zaka zambiri panalibe khoti, phungu kapena mtolankhani amene akanamuletsa kanthu. Timuyamikire pa chimodzi ichi: anthu atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo iye atagonja pa chisankho cha pa 17 May 1994, anavomereza ndi kupereka mpando mwamtendere.

Funso: Akonzi, kusukulu kumene ndimaphunzitsa timakangana pafupipafupi za a Bakili Muluzi ndi a Bingu wa Mutharika. Ena amati a Muluzi anatipatsa ufulu koma anaononga chuma, ena amati a Bingu anathetsa njala koma anali wankhanza. Inu mukuti wabwino anali uti? Mphunzitsi wa ku Machinga.

Yankho: Aphunzitsi, mbali zonse ziwiri zikunena zoona, ndipo inu amene muli m'kalasi mukukhala ndi zotsatira za ulamuliro wa a Muluzi tsiku ndi tsiku. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana a anthu osauka analowa sukulu, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinakonzekeredwe, kotero ana ankaphunzirira pansi pa mitengo ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji. M'nthawi yomweyo tinalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko, bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ofesi ya Ombudsman, thumba la chitukuko la MASAF ndi wailesi zoima pazokha. Chigawo chachiwiri cha ulamuliro wawo ndi chimene chinada: chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa, njala ya mu 2002 inapha anthu, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo, ndipo mphamvu zambiri zinathera pa kufuna kusintha malamulo kuti aimenso. Mu July 2002 bilu yochotsa malire a zaka zolamulira inaperewera mavoti atatu okha m'Nyumba ya Malamulo.

A Bingu anatuluka mu UDF mu February 2005 ndi kuyambitsa DPP, ndipo chaka chomwecho anayambitsa makuponi a feteleza, ngakhale mabungwe ena akunja sankagwirizana nazo. Mlimi ankagula thumba la makilogalamu 50 pa K950, ndipo pofika mu 2009 linali pa K500. Malinga ndi ziwerengero za boma, chimanga chinakwera kuchoka pa matani pafupifupi 1.2 miliyoni mu 2005 kufika pa oposa 3 miliyoni mu 2007, ngakhale akatswiri ena amati ziwerengerozo zinakokomezedwa, ndiponso mvula inagwa bwino zaka zimenezo. Ngongole zambiri zakunja zinakhululukidwa mu 2006, ndipo ubale ndi dziko la China unabweretsa nyumba yatsopano ya malamulo ndi msewu wa Karonga mpaka Chitipa.

Taonani chodabwitsa chake. Zambiri mwa zabwinozi a Bingu anazichita ali ndi aphungu ochepa, pamene otsutsa ankawaopseza ndi Gawo 65 la malamulo a dziko (lochotsa phungu amene wasiya chipani chake n'kulowa china) ndi kuchedwetsa bajeti. Mu 2009 atapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, chipani chawo n'kupeza aphungu oposa 110 mwa 193, m'pamene zinthu zinatembenuka. Mbendera inasinthidwa mu 2010, kazembe wa dziko la Britain anathamangitsidwa mu April 2011, aphunzitsi a ku Chancellor College analimbana ndi boma pa ufulu wa kaphunzitsidwe, anthu ankagona pa mizere ya mafuta ndi zigubu, ndipo pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa.

Ngati mukufuna dzina, ife tikuti zaka zisanu zoyamba za a Bingu ndi zimene chuma chinayenda bwino koposa chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri. Koma akanakhala kuti aphungu sanawakanize a Muluzi mu 2002, a Bingu mwina sakanalamulira n'komwe, ndipo mpata umene aphunguwo anali nawo wokana unachokera ku malamulo amene anakhazikitsidwa a Muluzi ali pampando.

Funso: Kodi n'chilungamo kuweruza Mayi Joyce Banda ndi nkhani ya Cashgate yokha, pamene analamulira zaka ziwiri basi? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, si chilungamo, komanso nkhaniyo singabisike. Analowa pa 7 April 2012, patapita masiku awiri a Bingu atamwalira, pamene mafuta ndi ndalama zakunja zinali zitasoweratu. Mu May chaka chomwecho anachepetsa mphamvu ya kwacha kuchoka pa K167 kufika pa K250 pa dola imodzi, chinthu chowawa chimene chinakweza mitengo koma chinabwezeretsa mafuta ndi thandizo lakunja. Anabwezeretsanso mbendera yakale. Cashgate, kuba kwa ndalama za boma ku Capital Hill, kunaululika mu September 2013, ndipo ofufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka mwachinyengo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mabowo obera ndalamawo analipo iwo asanabwere, koma kubako kunachitika iwo ali pampando, ndipo kuyambira pamenepo mayiko ambiri anasiya kuika ndalama zawo mwachindunji m'bajeti yathu.

Funso: Akonzi, mu 2020 tinavina m'misewu titachotsa a Peter Mutharika, ndipo mu 2025 tawabwezeretsa pochotsa a Lazarus Chakwera. Kodi tinalakwitsa poyamba paja kapena talakwitsa tsopano? Wamalonda wa mumsika wa Lilongwe.

Yankho: Akulu, zisankho ziwirizi zinkayankha mafunso osiyana. Mu 2020 anthu anakwiya ndi chisankho cha mu 2019 chimene mapepala ake ena anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndi kuthimathima kwa magetsi, ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, komanso ndi maganizo akuti ntchito ndi makontirakiti zinkapita kwa anthu a dera limodzi. Oweruza asanu anathetsa zotsatirazo pa 3 February 2020 ndi kunena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndipo pa 23 June a Chakwera, mothandizana ndi a Saulos Chilima mu mgwirizano wa Tonse, anapeza pafupifupi 59 pa 100 aliwonse. Mu 2025 funso linali la m'thumba. M'zaka zomaliza za chigawo choyamba cha a Mutharika dola inkasinthidwa pa ndalama zopitirira pang'ono K700, ndipo kukwera kwa mitengo kunatsika pansi pa 10 peresenti mu 2017. Pansi pa a Chakwera kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, dola n'kufika cha pa K1,700 kumabanki, ndipo inu amalonda mukudziwa kuti pamsika wamseri inali yokwera kuposa pamenepo.

Pali zina zimene a Chakwera sakanazipewa: mliri wa Covid-19, namondwe wa Ana amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kukwera kwa mtengo wa feteleza ndi mafuta nkhondo ya ku Ukraine itayamba, kolera, ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Koma lonjezo la ntchito 1 miliyoni, la kudya katatu pa tsiku ndi la feteleza wa K4,495 analipereka okha, ndipo kumangidwa kwa mkulu wa ACB, a Martha Chizuma, mu December 2022 kunafooketsa ambiri amene anakhulupirira kuti katangale atha. Misewu yotakata ya mu Lilongwe ndi kuyamba kugwira ntchito kwa lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma zili m'kaundula wa zabwino zawo, pamodzi ndi kuvomera kugonja bungwe loyendetsa zisankho la MEC lisanalengeze zotsatira za chisankho cha pa 16 September 2025.

Vuto la mafuta limene linazunza a Bingu mu 2011 ndi lomwelo limene lagwetsa a Chakwera, chifukwa dziko lino limagula kunja mafuta, feteleza ndi mankhwala a ndalama zambiri kuposa zimene limapeza pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga, ndipo mwa atsogoleri onse asanu ndi mmodzi palibe amene wasintha zimenezi. A Mutharika analumbira pa 4 October 2025 atapeza pafupifupi 57 pa 100 aliwonse, ndipo n'kufulumira kuweruza chigawo chawo chachiwirichi. Popeza ndinu munthu wosunga kaundula wa malonda, lembani m'bukumo mtengo wa thumba la chimanga, wa thumba la feteleza, wa lita ya petulo ndi wa dola monga zinalili m'mwezi umene analumbirawo, ndipo muonjezere mzere wina woti muzilembamo ngati boma likumvera zigamulo za makhoti ndi ngati a ACB akuloledwa kufufuza anthu a chipani cholamula. Chisankho chotsatira chili mu 2030.