Tab ikusonyezani poika chala, nthawi yogunda mudzaipeza ndi khutu

Achimwene, mwati mwapeza gitala ya besi ya nsambo zinayi, mumakonda rock yakale ija, ndipo mukufunsa ngati mungaphunzire ndi ma tab okha (kalembedwe ka nyimbo ka mizere ndi manambala) poti kuno ku Mangochi mphunzitsi sakuoneka. Mungathe ndithu. Koma mudziwiretu kuti tab imakuuzani poika chala basi. Nthawi yogunda, kutalika kwa liwu, podukiza kuti pakhale kampata, zonsezi ma tab ambiri salemba, chonsecho ntchito ya besi yagona pomwepo.

Kawerengedwe kake nkosavuta. Mizere inayi ija ndi nsambo zanu. Mzere wapansi ndi nsambo yonenepa, E, kenako A, D, ndipo wapamwamba ndi yowonda ija, G. Apa mpamene ambiri amasokonezeka, chifukwa mukanyamula gitala nsambo yonenepa imakhala kumwamba pomwe papepala ili pansi. Manambala ndi ma fret, timizere tachitsulo ta pakhosi la gitala, kuwerenga kuchokera kumutu wa gitala: 0 ndi kugunda osakanikiza, 3 ndi fret yachitatu. Mukaona h, menyani chala pa fret ya nambala yotsatirayo osagundanso ndi dzanja lamanja. Kamzere kopendekeka ndi kutsetsereka, ndipo x ndi liwu lakufa, lomwe mumangokhudza nsambo kuti imveke thu.

Musathamangire kutsegula tab. Yambani mwamvetsera nyimboyo mpaka mutathe kung'ung'udza besi yake pakamwa uku phazi likuponda limodzi ndi ng'oma. Chimene pakamwa palephera, zala sizingachikwanitse. Mahedifoni ndi ofunika pano, popeza kasipika ka foni kamameza mawu okhuthala onse.

Yoyambira ine ndingasankhe With or Without You ya U2, ya mu 1987. Woimba besi wawo, Adam Clayton, amazungulira manotsi anayi okha: 5 pa nsambo ya A, kenako 5, 7 ndi 3 pa nsambo ya E, lililonse kugunda kasanu ndi katatu. Mudzaiona ngati ya ana, koma yesani kuimba mpaka kumapeto mawu onse akutuluka ofanana mphamvu, zala ziwiri zikusinthana, cholozera ndi chapakati. Ife makutu athu anakulira mu reggae ya Ma Blacks ndi nyimbo za kutchalitchi, momwe besi imayenda, n'kupuma, n'kubweranso. Rock yambiri siifuna zimenezo. Imafuna besi yoguguda mosalekeza ngati chigayo cha dizilo, ndipo dzanja lozolowera kukometsera limayabwa kuti liwonjezere zake. Liletseni kaye. Smoke on the Water ya Deep Purple, ya mu 1972, ndi phunziro lomwelo: aliyense amadziwa kagitala kotchuka kaja, koma Roger Glover pansi pake amakhazikika pa G, fret 3 ya nsambo yonenepa.

Mukakhazikika, pitani pa Another One Bites the Dust ya Queen, ya mu 1980. Manotsi a John Deacon ndi ochepa, ambiri pa E yosakanikiza, koma kukoma kwake kuli pa kudula. Mukagunda, tsekani nsambo msanga ndi dzanja lamanzere. Tab ingokulemberani 0 0 0, siikuuzani kuti aliyense wa iwo ndi wamfupi, ndipo mukawasiya alire nyimbo yonse imasanduka phala. Money ya Pink Floyd muisunge kaye. Roger Waters anailemba moti mumawerenga mpaka 7 m'malo mwa 4 yomwe tinazolowera, ndipo imagwetsa ngakhale akatswiri a ku kwaya.

Zikapanda kugwirizana ndi nyimbo, musafulumire kudzikayikira. Ma tab a pa webusayiti ya Ultimate Guitar amalembedwa ndi anthu wamba, ena olondola, ena ongopeka, ndiye sankhani amene avoteredwa ndi ambiri, ndipo khutu likatsutsa, tsatani khutu. Komanso magulu ena ngati Guns N' Roses amatsitsa nsambo zonse ndi theka la sitepe (lofanana ndi fret imodzi), moti E amakhala E flat. Onani pamwamba pa tab, nthawi zambiri amalembapo. Webusayiti ya Songsterr ndiyabwinopo poyambira chifukwa imaimba tab mukuiona ikuyenda. Pa YouTube tsitsani liwiro kufika pa 0.75, kapena 0.5 pamalo povuta. Bandulo ndi yodula, ndiye mukapeza tab yabwino ikopereni mu kope ndi cholembera. Kujambula mizere inayi sikutenga nthawi, ndipo polemba mutu umagwira.

Chinanso chomwe tab imabisa nchakuti liwu limodzi limapezeka malo angapo. Fret 5 pa nsambo ya E ndi yofanana ndi A yosakanikiza. Ngati wolembayo akukudumphitsani uku ndi uku, fufuzani pafupi pomwe dzanja lili kale. Ndipo nthawi zonse dzifunseni dzina la liwu lomwe mwakanikiza, chifukwa tsiku lomwe mudzaime ndi wa kiyibodi sadzakuuzani kuti 3, adzati G.

Kutentha kwa kuno ndi chinyezi cha kunyanja zimadya nsambo. Thukuta la mu Okutobala likaumirapo, dzimbiri silichedwa. Sambani m'manja musanagwire, pukutani nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza, ndipo gitala isagone padzuwa kapena pafupi ndi malata, khosi lake lingapindike. Nsambo zikafa mawu, oimba ambiri amaziwiritsa m'madzi n'kuziumitsa bwinobwino, zimatsitsimukako kwa kanthawi uku mukudikira wopita ku Blantyre. Magetsi akazima musaleke: gunditsani mutu wa gitala pachitseko chathabwa, mudzaimva bwino popanda ampulifaya.

Ngati mukulota zodzaimba m'malo ogona alendo a ku Nkopola, Monkey Bay kapena Cape Maclear, nyimbo zochepa zomwe mumazitha kuyambira poyamba mpaka pomaliza zikuthandizani kuposa tizidutswa tambirimbiri. Pezani mnyamata woimba ng'oma kutchalitchi kwanu, mumupemphe mukatuluka mapemphero kuti akugundireni kwa kanthawi, inu maso ndi khutu zili pa phazi lake lamanja.