Kachizindikiro ka webusaiti sikanawonongeke, kangotsekeredwa mkati

Achimwene, mwati chitsekereni foda ya mamembala ndi password pa webusaiti ya kopaletivi yanu ya mtedza ku Katete, kachizindikiro ka pa tabu kanasowa, ndipo alendo ena akufunsidwa password pa tsamba loyamba lomwe. Chonde musachotse password ija chifukwa cha kanthu aka. M'fodamo muli mayina ndi manambala a alimi, asakhale poyera.

Browser ikatsegula tsamba imadzipemphera yokha kafayilo ka chizindikirocho, kotchedwa favicon.ico, chizolowezi chimene chinayamba ndi Internet Explorer 5 mu 1999. Kafayiloko kakakhala m'foda yotsekedwa, Apache, pulogalamu ya pa seva imene imapereka masamba a webusaiti, imayankha 401, ndiye kuti "dzidziwitseni kaye". Apo browser ina imangosiya tabu yopanda kanthu, ina imatulutsa kabokosi kofunsa password kaja.

Tsegulani tsambalo pa Chrome, dinani F12, pitani pa Network, mulitsegulenso, muyang'ane mzere wa favicon. Nambala ili pamenepo ndiyo ikuuzeni zoona. Ikakhala 404, kafayilo kulibe kumene mukuloza. Ikakhala 403, onani zilolezo zake, zikhale 644. Koma ine ndikukhulupirira kuti mupeza 401.

Njira yachidule: kasamutsireni mu public_html mwenimweni, foda yaikulu ya webusaiti yanu, ndipo mu HTML mulembe href="/favicon.ico". Kamzere kopendeka koyambirirako musakaiwale, popanda iko browser imakafunafuna m'foda imene tsamba lili. Izi zinandidyera tsiku lathunthu pa webusaiti ya loji ina ya mu msewu wa ku Mfuwe. Mwini wake ankangoimba foni kuti alendo akuthawa, poganiza kuti webusaiti yabedwa.

Ngati mwatseka webusaiti yonse, katsegulireni khomo kokhako mu .htaccess, fayilo ya malamulo a Apache, pansi pa mzere wa Require valid-user:

<Files "favicon.ico">
Require all granted
</Files>

Izi ndi za Apache 2.4. Pa 2.2 yakale mulemba Allow from all ndi Satisfy Any, pomwe pa Nginx, pulogalamu ina ya pa seva, ndi auth_basic off mkati mwa location ya kafayiloko. Ngati munatseka kudzera pa Directory Privacy ya cPanel, tsamba loyendetsera webusaiti pa seva, fayilo ya .htaccess ilipo kale, kungoti imabisika. Yatsani Show Hidden Files mu File Manager, ndipo musanaikhudze sungani kope lake pambali, pakuti chilembo chimodzi cholakwika chimagwetsa webusaiti yonse ndi 500, nambala yosonyeza vuto la pa seva.

Mukakonza, musadabwe kuona tabu ikadali yopanda kanthu. Ma browser amakakamira chizindikiro chakale kwa masiku. Onjezerani ?v=2 kumapeto kwa dzina lake mu HTML, kenako muyese pa foni ya munthu amene sanalowepo ndi password. Ikakanabe, jambulani mzere wa Network uja muutumize muno, tiuonere limodzi madzulo ano.