Dzina langa silinapezeke m'kaundula tsiku lovota

Achemwali, mwafunsa ngati ife Amalawi okhala kuno ku UK timaloledwa kuvota. Mukhoza kuvota ndithu pa chisankho chapadera cha khansala wa kwanuko, amene wakuuzani kuti za kuno si zathu akukunamizani. Malawi ali mu Commonwealth, ndiye bola visa yanu ili bwino muli ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota, kaya ndi khansala kaya ndi phungu. Koma dzina lanu likhale m'kaundula pa adilesi imene mukugona panopa. Apa ndi pamene ine ndinapsa.

Linali tsiku la 1 Meyi 2025, tsiku la chisankho cha makhansala kuno ku County Durham, ku England. Ndinali nditasamuka nyumba kumayambiriro kwa chakacho. Mwini nyumba yatsopanoyo, bambo wina amene ankatichititsa lendi ife ogwira ntchito yosamalira okalamba, ndinamufunsa ine mwini za kaundula wa mavoti. Anandiyankha kuti ndisavutike, mayina athu tonse anatumiza kale ku khonsolo. Makalata onse ofika pakhomo paja ankatola yekha. Ine ndinamukhulupirira.

Tsikulo ndinaweruka shifiti ya usiku 8 koloko m'mawa, maso ofiira, msana ukuwawa chifukwa chotembenuza odwala usiku wonse. Sindinapite kokagona. Ndinakwera basi kukatsikira pa kaholo kovotera, ndikadali mu yunifolomu, pasipoti ya Malawi ili m'manja. Mayi wa patebulo anatenga lula n'kuyamba kutsika nayo pa mndandanda wa msewu wathu. Anafika pansi. Anabwerera pamwamba. Anandiuza nditchule dzina langa chilembo chimodzichimodzi, ndinatchula. Anayesa dzina la bambo ngati dzina loyamba, palibe. Pa nambala ya nyumba yathu panali dzina limodzi lokha, la mwini nyumba uja. Kumbuyo kwanga mzere unali utatalika, anthu chete, ndikumva maso awo pakhosi panga. Mayi uja anaimba foni ku ofesi, n'kubwera kudzandiuza motsitsa mawu kuti sindili m'kaundula ndipo sangandilembe tsiku lomwelo. Iye analibe vuto, anandilankhula mwaulemu. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera, n'kukalira pa siteji ya basi ngati mwana.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chifukwa chake. Tinali anthu asanu ndi awiri m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo bambo uja sankafuna kuti khonsolo idziwe. Anzanga ena anawaopseza kuti akalembetsa adzavutika pokonzanso visa. Munthu wodya ndalama zathu mwezi ndi mwezi, chotenthetsera nyumba chikawonongeka osayankha foni, ndiye n'kutilandanso voti. Nditamufunsa anangoseka, akuti voti imodzi ikanasintha chiyani.

Mawa lake zotsatira zinatuluka. Chipani cha Reform UK chinatenga mipando 65 pa mipando 98 ya khonsolo, chipani cha Labour n'kutsala ndi 4 yokha. Kumbukirani kuti Durham inali m'manja mwa Labour pafupifupi zaka 100 mpaka 2021, pomwe a Liberal Democrats, a Conservative ndi oima paokha anagwirizana n'kuyamba kuyendetsa khonsolo motsogozedwa ndi Amanda Hopgood. Zaka zinayi zokha, chiwongolero chapitanso kwina. Ndipo khonsolo imeneyi si ya zinyalala ndi maenje a mumsewu zokha ayi. Ndi imene imalipirira okalamba ambiri amene ife timawasambitsa ndi kuwadyetsa, ndi imene imakhazikitsa council tax, msonkho wa nyumba umene timalipira ku khonsolo. Bajeti yawo ikagwedezeka, maola athu a ntchito amagwedezeka nawo. Kwathu sitivota tikakhala kunja, kunonso ndinakanika. Ndinadziona ngati munthu wopanda kwawo.

Za chisankho chapadera musachipeputse. Ku Benfieldside, dera lina la kuno ku County Durham, khansala wa Reform anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa atapambana, chifukwa anali wogwira ntchito ku khonsolo yomweyo, zomwe lamulo sililola. Atavotanso mu Julaye, mpando unapita kwa a Liberal Democrats. Pa zisankho zoterezi anthu amatuluka ochepa, ndiye mavoti a m'nyumba ziwiri zitatu za ife amalemera.

Ndiye lembetsani nokha pa webusaiti ya boma ya gov.uk, ndi nambala yanu ya National Insurance, mphindi zisanu mwatha. Musatume munthu, ngakhale amuna anu. Kulembetsa kumatsekedwa kutatsala masiku 12 ogwira ntchito kuti tsiku lovota lifike, ndipo kulipira council tax sikukulowetsani m'kaundula. Mukatero imbirani ofesi ya zisankho ku khonsolo yanu akutsimikizireni kuti dzina lalowa. Povota amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi kuyambira 2023, pasipoti ya Malawi amalandira, ndipo ngati yanu inapita kokakonzetsa pemphani chiphaso chovotera chotchedwa Voter Authority Certificate, ndi chaulere. Amatsegula 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku.

Komabe ngati mwini nyumba wanu ali ngati wangayu ndipo mulibe kwina kothawira, yambani mwaganiza bwino, musataye pogona nyengo yozizira chifukwa cha khansala amene mwina mawa adzalowa chipani china. Ine ndinasamuka kaye mu Ogasiti, ndipo usiku woyamba m'chipinda chatsopano, katundu asanamasulidwe, ndinalembetsa pa foni.