Kwa achimwene a ku Joni ofunsa za njinga ya kabaza ndi sukulu ya ntchito zamanja

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 27, mwatha zaka zinayi ku Joni mukugwira maganyu a m'magadeni ndi pa masayiti omanga nyumba, mwasungako kangachepe, ndipo Disembala uno mukubwerera kwanu ku Balaka osadzapitanso. Mukufunsa ngati mugule njinga yamoto ya kabaza kapena mukaphunzire ntchito yamanja, poti abale akuti kubwerera m'kalasi pa msinkhu wanuwo n'kutaya ndalama. Mundipirire, ndilemba zambiri, chifukwa mphambano imeneyi ndinaimapo.

Ine ndine wamagetsi, ndimaika mawaya m'nyumba ndi sola kuno ku Blantyre. Ndinayamba kuphunzira ndili ndi zaka 31, mkazi ali pakhomo, ana awiri. M'mbuyomo ndinali ndi benchi ku Limbe, ndimagulitsa matchaja, mahedifoni ndi makava a foni. Ndiye za msinkhuzo zisakusowetseni tulo, inuyo mukadali mwana poyerekeza ndi mmene ndinaliri ine.

Njinga sindikuinyoza ayi. Imadyetsa tsiku lomwelo, ndipo pali anthu amanga nyumba za malata ndi kabaza. Koma amenewo ambiri ndi okwera okha, oidziwa njinga yawo ngati mwana wawo. Mukapatsa mnyamata kuti azikubweretserani ndalama madzulo, muzolowere kumva kuti lero kunalibe mafuta, lero apolisi anandigwira, lero tcheni chaduka. Zina zimakhala zoona ndithu, mizere ya mafuta taigonapo tonse zaka zapitazi. Masipeya amachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Onjezanipo laisensi, inshulansi, akuba amene amabwera ngati makasitomala usiku, ndi ngozi. Ndipo njinga imakalamba tsiku lililonse. Pakatha zaka zitatu mumakhala ndi chitsulo cholira ngati chigayo, chimene simungachigulitse ndi theka lomwe la ndalama imene munagulira.

Mwina nkhani ya kwacha mumangoimvera pa foni muli uko. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti. Anzanga amene ndinawasiya pa mabenchi aja anagulitsa katundu pa mtengo wakale, atapita kukapikula anapeza kuti ndalama ya makatoni atatu ikugula awiri. Mpamba unadyeka ali maso. Ine ndinangokhala pansi n'kulembanso makotesheni. Sindinama, makasitomala anadandaula ndipo ntchito zinachepa miyezi ingapo, koma chimene ndimagulitsa sichinali m'katoni. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, mnzanga wina kalipentala ku Chilobwe anataya shedi yonse, matabwa, macheka, mpaka benchi yopalira. Patangotha masabata ochepa ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango akukhoma zitseko ndi zida zobwereka. Woyandikana naye amene anali ndi okala, mpaka lero sanadzukebe.

Ndiye mukaona chonchi munganene kuti yankho langa ndi lakuti pitani kusukulu basi. Dikirani kaye, chifukwa ine sukuluyo inandidyera ndalama.

Nditagulitsa benchi yanga ndinatenga pafupifupi ndalama yonse n'kukalipira pa kakoleji kena ka m'tauni, ka chikwangwani chokongola, kolonjeza satifiketi pa miyezi isanu ndi umodzi. Tinalipo anthu oposa makumi atatu, bolodi yoyeserera mawaya inali imodzi. Ntchito yathu inali kukopera manotsi. Pofika mwezi wachinayi kunyumba ufa unatha, landilodi akugogoda, ine n'kuyamba kujomba kuti ndikasake maganyu. Ndinamaliza movutikira, ndipo pepala limene anandipatsa nditapita nalo kwa kontilakita wina anangolitembenuza uku ndi uku, n'kundipatsa waya ndi pulayala kuti ndilumikize switchi ziwiri zoyatsa babu limodzi, ija ya m'khonde yoti uyatse uku ukazimitse uko. Ndinatuluka thukuta mphindi makumi awiri. Sindinathe.

Safunsa anadya phula. Ndikanangopita ku ofesi ya TEVETA, imene ili konkuno ku Blantyre, komanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, akanandiuza ngati sukuluyo ili m'kaundula wawo. Bungweli lakhalapo kuyambira 1999 ndipo ndi limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Makoleji odziwika alipo: Soche, Nasawa ku Zomba amene ali pafupi ndi kwanu, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu, Livingstonia. Kuyambira 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a m'madera kuti anthu aziphunzira pafupi ndi kwawo. Kukoleji zikuluzikuluzo amafuna MSCE ndipo malo amalimbirana, choncho yambani kufunsa panopa, musadikire kuti mufike kaye. Mufunsenso za njira imene amayesa munthu amene ntchito anaiphunzirira pa sayiti n'kumupatsa pepala malinga ndi zimene akudziwa kale. Zaka zinayi zanu za ku Joni zikhoza kuwerengedwa pamenepo. Sukulu iliyonse imene mungapite, musanalipire pemphani kuona wekishopu. Muwerenge zida, muwerenge ophunzira. Akakana kukuonetsani, bwererani ndi ndalama yanu.

Ntchito yeniyeni ndinakaiphunzira kwa bambo wina wachikulire, mmisiri wa kalekale, amene anandilola kumamunyamulira makwerero. Miyezi yoyamba ntchito yanga inali kugoba makoma ndi tchizulo kuti tidutsitse mapaipi a mawaya. Ndimafika kunyumba mutu uli mbuu ndi fumbi, malipiro ake nsima ya masana ndi ya minibasi. Anzanga a ku Limbe akandiona amaseka, amvekere bwana wa benchi wasanduka kaboyi. Koma ndi pamenepo pamene ndinadziwa chifukwa chake magetsi owunikira timakokera waya wowonda wa saizi 1.5, masoketi wa 2.5, kuka yophikira wonenepa wa 6, ndi zimene zimachitika m'denga munthu akaumira n'kuika waya wowonda pa kuka. Bamboyo sankalola kuti ndikhudze waya ndisanauyese ndi tesita, ngakhale ndazimitsa ndekha meini switchi. Ukaiwala amakumenya pa dzanja ndi sikuludiraiva, iwe munthu wa ana awiri.

Za sola ndinaonjezera pambuyo pake, ndipo zinandipindulira namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mdima umene unatsatira unachititsa kuti aliyense afune sola. Ndikupatseni chitsanzo cha chimene munthu amalipirira mmisiri. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ngati ndi ya mtundu wakale uja wa asidi, suyenera kuikama kupitirira theka, apo ayi ifa msanga. Ndiye yogwiritsa ntchito ndi 600 yokha. Munthu amagula batire ya galimoto, n'kulumikizako firiji, TV ndi mababu asanu ndi atatu, pakatha miyezi itatu akuti sola ndi yabodza. Kasamu kakang'ono kameneka, kongolemba kuseri kwa katoni, kandidyetsa kwambiri kuposa benchi ija. Komanso ndisabise, ntchito yanga yoyamba ya sola ndinasemphanitsa waya wofiira ndi wakuda, inivetala ya mwini wake, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, inangoti phuu, kautsi n'kutuluka. Ndinailipira miyezi itatu. Imeneyonso inali fizi.

Tsono langizo langa lenileni ndi ili. Ndalama yanuyo muigawe musanakwere basi, ndipo fizi ikhale gawo laling'ono. Gawo lalikulu likhale la chakudya, lendi ndi thiransipoti pa miyezi yonse imene muzikhala mukuphunzira osapeza kanthu, ndipo muwerengere chaka chathunthu ngakhale sukuluyo itati miyezi isanu ndi umodzi. Anthu ambiri amene ndawaona akusiyira panjira mutu unali bwinobwino, inawabweza ndi njala. Gawo lina likhale la zida. Mmisiri wopanda zida ndi waganyu, amagwirira ena mpaka kalekale. Apa muli ndi mwayi umene ine ndinalibe: zida zabwino zimapezeka mosavuta kumene muliko. Dirilo, girayinda, levulo, tepi, masipanala, gulani konko pang'onopang'ono, musunge malisiti ake chifukwa pa boda adzawafuna. Zimenezo zikupindulirani kuposa sipika yaikulu ndi masikipa a ana a alongo anu.

Miyezi yatsalayi musaiwononge. Pa sayiti pamene mukugwirapo pali woika matailosi, pulambala, wokhoma siling'i. Dziphatikeni kwa mmodzi, muzimusakanizira simenti, muzifunsa mpaka atope nanu. Nyumba zikumangidwa ku Chileka, ku Mpemba, ku Area 49, ndipo eni ake amafuna kamalizidwe kaukhondo ngati kamene mukukaona uko. Mukapeza intaneti yaulere, tsitsani mavidiyo a pa YouTube a ntchito imene mwasankhayo, mudzawaonera kuno bandulo ikadzavuta.

Posankha ntchito musatengere kuti ine ndatchula magetsi. Tumani munthu ayende pa Balaka, pa Ulongwe, pa Liwonde, awerenge kuti owotcherera alipo angati, okonza mafiriji angati, okonza mapampu a sola a m'madimba angati, ndipo anthu chikawawonongekera amapita nacho kuti. Pamene anthu akukwera minibasi kukakonzetsa chinthu ku Zomba kapena ku Blantyre, ntchito ili pamenepo. Ndipo ngati mtima wanu uli pa njinga ndithu, taganizani izi: anzanu onse ochokera ku Joni akugula njinga, ndipo njinga iliyonse idzafuna makaniko. Wokonzayo sagwidwa ndi apolisi, sathyoka mwendo, amangokhala pa mthunzi njingazo n'kumamupeza. Mukasankha zamagetsi, dziwani kuti pamafunikanso chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti ntchito yanu izivomerezeka polumikiza ku ESCOM.

Pali china chimene sukulu siphunzitsa. Gulani kope. Ndalama ya zipangizo ndi ya kasitomala, yanu ndi ya ntchito yokha, musazisakanize m'thumba limodzi. Matenda a amisiri a kuno ndi kudya dipoziti kenako n'kumazimitsa foni, mawa ndibwera, mawa ndibwera. Ine ntchito zanga zambiri zimabwera chifukwa mayi wina anauza mnzake kutchalitchi kuti uyu akati Lachiwiri amabweradi Lachiwiri.

Ndisatseke osanena za thupi, poti ndi limene linyamule zonsezi. Ndili ndi zaka 36 ndinachita chizungulire ndili pa denga ku Machinjiri, ndinatsika chokwawa. Kuchipatala anandipeza ndi BP yokwera, ine ndimangoti ndi kutopa, n'kumamwa panado ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija. Kuyezetsa BP ndi magazi kuchipatala cha boma n'kwaulere, kumangofuna kupirira pa mzere ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Mukafika chitani zimenezo sabata yoyamba. Nsapato zolimba, magolovesi ndi magalasi oteteza maso muziwerengere pamodzi ndi zida. Ndaona anyamata akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa a pa msika, usiku n'kumalira maso ngati athiridwa mchenga. Mowa ndi kubetcha mpira sindinenapo zambiri, ndinu wamkulu, koma ndalama ya chaka imene ndanena ija imathera kumeneko mosaoneka.

Chovuta kwambiri chidzakhala abale. Mukatsika basi aliyense adzaona marandi pankhope panu. Kudzabwera za fetereza, za fizi ya mwana wa achimwene, za denga la agogo likudontha, ndipo zonsezo zidzakhala zoona. Patulani ndalama yothandizira, muitchule nokha mumtima kuti ndi yakuti, ikatha yatha. Yotsalayo asaidziwe wina aliyense kupatula akazi anu ngati muli nawo, ndipo iwowo muwakhazike pansi muwafotokozere bwinobwino kuti chaka chikubwerachi chikhala chowawa. Anga ankagulitsa mandasi ndi zitumbuwa nthawi imene ine ndimagoba makoma, popanda iwo bwenzi nditabwerera pa benchi. Adzakunenani kuti Joni yamukanika, wabwera chimanjamanja, taonani akunyamulira anzake makwerero. Mawu amenewo amalasa, makamaka usiku. Maganizo akakuchulukirani musadzitsekere m'nyumba, pezani munthu wolankhula naye, ndipo zikafika povuta a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu pa nkhani zimenezi.

Mundiyankhe zinthu ziwiri: MSCE muli nayo kapena ayi, ndipo pa sayitipo ntchito imene manja anu aizolowera kwambiri ndi iti. Mukandiuza zimenezo ndikuuzani zida zoyamba kugula ndi zimene mungazisiye kaye. Panopa ndithamangire ku Chirimba, kuli nyumba ina yoti aipulasitale Loweruka ndipo mapaipi sindinamalize kuika.