Matchanelo afufutika pa dikoda yakale: musathamangire kukafulashitsa

Bambo wina wa ku Balaka wandilembera kuti mdzukulu wake, poseweretsa rimoti, anadina penapake pa dikoda yawo ya Philibao, matchanelo onse n'kufufutika. Dikodayo ikuyaka, menyu ikutuluka, koma choonera palibe. Mnyamata wokonza mawailesi pamsika wanena kuti ikufunika kufulasha, kutanthauza kuikamo pulogalamu yoyendetsa dikodayo mwatsopano. Ndiye akufunsa: alipire, kapena angoitaya?

Bambo, musataye, komanso ndalama zanu zikhale kaye m'thumba. Dikoda imene ikuonetsa menyu siinafe. M'kati mwake muli zinthu ziwiri zosiyana: pulogalamu yoyendetsa dikodayo, ndi mndandanda wa masetilaiti, mafrikwense ndi matchanelo. Ndikukhulupirira kuti mwanayo anadina Factory Default, imene imafufuta mndandanda wanu n'kubwezera umene dikoda inachoka nawo kufakitale. Pulogalamu ija siikhudzidwa. Vuto ndi loti mndandanda wakufakitalewo ndi wazaka zambiri, pamene eni matchanelo anasamuka kalekale pa mafrikwense amenewo.

Choyamba, dishi musaigwire. Anthu ambiri akaona mdima pa TV amathamangira makwerero, n'kusokoneza chinthu chokhacho chimene chinali bwino. Dishiyo idakaloza kumene inkaloza dzulo.

Lowani mu Installation kapena Antenna Setting. Ikafuna nambala yachinsinsi yesani 0000, ikakana 1234. Sankhani setilaiti yanu. Madishi ambiri a matchanelo aulere kuno analozetsedwa ku Intelsat 20, pa madigiri 68.5 kum'mawa. Dzina limeneli mwina simulipeza, chifukwa setilaitiyi inakwezedwa mu 2012 kukalowa m'malo mwa Intelsat 7 ndi Intelsat 10. Mukaona maina akalewo, kapena PAS 7/10, ndi malo omwewo, sankhani.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amagwera. Onani mzere wa LNB, kachipangizo kaja ka kutsogolo kwa dishi. Pa dishi yaing'ono pafunika palembedwe Universal, kapena manambala 9750/10600. Mukapeza 5150, imeneyo ndi ya madishi akuluakulu a C-band, ndipo ngakhale musake mpaka tambala woyamba simupeza kanthu. LNB Power ikhale On, chifukwa dikoda ndi imene imatumiza magetsi kudishi kudzera pa waya womwewo: mavolti 13 pa mafrikwense a V, 18 pa a H. Mzere wa 22K muusiye pa Auto, ndi umene umatsegula mafrikwense apamwamba. Ukakhala Off, matchanelo ena ambiri samaoneka.

Pansi pake pamakhala timizere tiwiri, Strength ndi Quality. Koyambako kasakusangalatseni, kamakwera ngakhale dishi italoza mumtengo wa mango, bola waya ndi LNB zili zamoyo. Kachiwiriko ndiye kamanena zoona. Kakakhala pa ziro pamene Strength ili pamwamba, musafulumire kuimba mlandu dishi: mwina frikwense imene mwaimapo ndi yakufa.

Ngati dikoda yanu ili ndi Blind Scan, mwapulumuka. Imeneyi siidalira mndandanda wakale, imasaka yokha chilichonse chimene chikutsika kuchokera kumwambako. Sankhani FTA Only kuti isakudzazireni matchanelo olipira, aja okhala ndi chizindikiro cha $, kenako muisiye. Imachedwa, musaizimitse. Ngati Blind Scan mulibe, mulemba nokha pa Add TP: frikwense, symbol rate, ndi H kapena V. Manambalawa sindikulemberani pano chifukwa sachedwa kusintha. Uzani mdzukulu yemweyo awafufuze pa foni pa webusaiti ya LyngSat, kapena akawakopere kwa neba amene dishi yake yaloza kofanana ndi yanu. Nambala ikakhala yolondola, Quality imadumpha nthawi yomweyo.

Ndikuuzeni zoona, si matchanelo onse amene abwere. Ngati mumtima mukuyembekeza SABC, iwalani: kampani ya Sentech, imene inkaiulutsa pa setilaiti, inatseka chizindikiro chake mu 2013, khoti la ku South Africa litagamula pa dandaulo la eBotswana, wailesi ya kanema ya ku Botswana, ndipo palibe wapamsika amene angaibweze. Matchanelo ena anasamukira ku njira yatsopano youlutsira ya DVB-S2, imene dikoda ya DVB-S siiona n'komwe. Ena muwapeza, mawu azimveka bwinobwino koma chithunzi ayi. Amenewo akuulutsa mu MPEG-4 pamene dikoda yanu imadziwa MPEG-2 yokha. Limeneli ndi vuto la zipangizo za m'kati, kufulasha sikungalithetse. Mukapeza kuti tchanelo chimene amayi amakonda chili m'gulu limeneli, ndalama yofulashira ija ndi bwino muwonjezere n'kugula dikoda yolembedwa DVB-S2 ndi HD. Dishi, LNB ndi waya ndi zomwezo.

Kufulasha kuli ndi nthawi yake: dikoda ikamaima panjira poyaka, osafika pa menyu. Pamenepo palibe chotaya. Koma kufulasha dikoda yamoyo ndi juga. Madikodawa amatha kufanana dzina ndi chikuto koma m'kati muli tchipi chosiyana, ndipo mukaika pulogalamu ya ina siidzayakanso. Magetsi akathima ntchito ili pakati, n'chimodzimodzi, ndipo magetsi athuwa mukuwadziwa.

Chimene mnyamata uja angakuthandizeni popanda ngozi yaikulu ndi kukopera mndandanda wokha. Kumbuyo kwa madikoda akale kuli polowetsa waya pa mapini 9, polembedwa RS-232. Ndi waya wa null modem, umene mapini 2 ndi 3 anapingasa, amatha kusamutsa mndandanda kuchokera pa kompyuta kapena pa dikoda ina. Koma ikhale ya mtundu ndi nambala yofanana ndi yanu, ndipo mumuuze momveka kuti mukufuna matchanelo okha, osati pulogalamu yonse.

Zikabwerera, ngati dikoda ili ndi polowetsa fulashi, fufuzani Backup kapena Dump mu menyu, musunge mndandandawo pa fulashi yofomatidwa mu FAT32. Ngati mulibe, lembani mafrikwense amene agwira ntchito m'kope. Kenako lowani pa Parental Lock, muyatse Menu Lock, ndipo musinthe 0000 ija kukhala nambala imene adzukulu saidziwa.