Nkhope zomwezomwezo m'mafilimu a Adam Sandler

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake anthu omwewo amangobwerabwera m'mafilimu a Adam Sandler, katswiri wa mafilimu oseketsa wa ku America. Kampani yopanga mafilimuwo ndi yake yomwe, Happy Madison Productions. Anaikhazikitsa mu 1999, ndipo dzinalo anangolumikiza mayina a mafilimu awiri amene anamutchukitsa, Billy Madison ya 1995 ndi Happy Gilmore ya 1996. Mkulu wachikulire amene amaoneka pa chizindikiro cha kampaniyi filimu ikamayamba uja ndi bambo ake, malemu Stanley Sandler.

Ndiye poti mwini ndi iyeyo, ntchito amapatsa anzake akalekale, monga Rob Schneider, David Spade, Kevin James ndi Chris Rock. Ngakhale mu filimu yoyamba ya kampaniyi, Deuce Bigalow, mbali yaikulu anasewera ndi Schneider.

Sikuti zonse n'zokoma ayi. Jack and Jill ya 2011 inasesa mphoto zonse za Razzie, zomwe amapereka kwa mafilimu oipitsitsa, ndipo ine ndinaisiyira pakati. Komabe mu 2014 Netflix inasainirana naye mgwirizano wa mafilimu anayi. Mwa zimene zatuluka ku Netflix, yambirani Hustle ya 2022, yonena za basketball. Mmenemo Sandler wasewera mbali yake mofatsa, osati zokuwakuwa zija.