Moni wa chilankhulo cha a Ket: yambani ndi khutu

Sabata yatha ndinalandira imelo ya achimwene ena amene ali pasukulu ku Tomsk, ku Russia uko. Funso lawo ndi lalifupi: amva za chilankhulo cha a Ket, akufuna adziwe kupereka moni ndi kudzifotokoza kuti iwo ndi ndani, ndiye ayambire pati?

Achimwene, choyamba mudziwe anthu ake. A Ket amakhala m'mbali mwa mtsinje wa Yenisei ku Siberia, m'midzi ngati Kellog, Surgutikha ndi Maduika, kutali zedi kopita pa boti kapena helikopita. Kalembera wa 2010 anawerenga a Ket 1,219 okha, ndipo oyankhula chilankhulocho bwinobwino ndi agogo owerengeka basi. Ndiye mukadzafika ku Kellog, moni womwe mudzamve panjira ndi wa Chirasha, zdravstvuyte yemweyo amene mukumunena kale ku Tomsk. Perekani ameneyo, palibe adzakudabweni. Chimene chingawatsitsimule mtima agogo aja ndi kumva mlendo akutchula mawu awo molondola, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Tiyambe ndi dzina lenilenilo. Ket ndiye kuti munthu, akachuluka ndi deng, anthu. At ndi ine, u ndi iwe, bu ndi iye. Ab ndi wanga, uk ndi wako, ndiye ab op ndi bambo anga, ab am ndi mayi anga. Ndi timawu tochepa timeneti mutha kutulutsa foni, kuonetsa zithunzi za kumudzi n'kumaloza mmodzimmodzi, kudzifotokoza kwayambika kumeneko. Onjezerani ul madzi, ses mtsinje, tip galu, bok moto.

Koma pali kamsampha, ndipo ife Achewa tikukadziwa bwino. Tikati mtengo wa mango, tikhoza kunena umene uli kuseri kwa nyumba kapena ndalama zimene mayi wa pamsika akufuna, kusiyana kwake kuli pa kakwezedwe ka mawu. A Ket ali ndi zomwezo koma kanayi. Tengani sul. Mukalitchula mokweza mosasintha ndi magazi. Mukalidula pakhosi ngati mwatsamwa pang'ono ndi mtundu wa nsomba. Mukalikoka, kukwera kenako kutsika, ndi chikuku chokoka pa chipale, ndipo mukangolitsitsa ndi kangowe kopachikira chogonekamo khanda. Mawu amodzi omwewo! Ket ndi bok yemwe ndalemba pamwambapa ali ndi kudula kwa pakhosi kuja, kungoti kiyibodi yangayi sikulemba zizindikiro zake. N'chifukwa chake ine mindandanda ya pa intaneti ija ya "moni 10 m'chilankhulo chakuti" sindiyikhulupirira, amakopera zilembo zokha, kamvekedwe n'kukasiya panjira.

Maverebu asiyeni kaye. Amalumikiza timagawo tambirimbiri m'liwu limodzi, monga momwe ife timanenera sindinakamuonenso, koma awo ndi ovuta moti ngakhale akatswiri amatuluka nawo thukuta.

Mwayi wanu ndi woti muli pamalo pake. Ku Tomsk komweko ndi kumene katswiri wa zilankhulo Andrey Dulzon anayambitsa kafukufuku wamkulu wa zilankhulo za ku Siberia, ndipo ku yunivesite yophunzitsa aphunzitsi kuli zolemba zambiri za Chiketi zimene iye ndi ophunzira ake anasonkhanitsa m'midzi. Pitani mukagogode, mufunse ngati mungamvereko mawu ojambulidwa. Mabuku a ana asukulu mudzawapeza m'zilembo za Cyrillic, zonga za Chirasha zija, zimene anazikonzera Chiketi m'zaka za m'ma 1980, ngakhale panali buku loyambira la zilembo zachilatini mu 1934 lomwe silinapite patali. Za m'Chingerezi fufuzani dzina la katswiri wa zilankhulo Edward Vajda, yemwe mu 2008 anapereka umboni woti Chiketi chingakhale pachibale ndi zilankhulo ngati Navajo za ku America. Akatswiri akukanganabe pa zimenezo, inu zisakuchedwetseni.

China, pali kayankhulidwe ka kummwera, kapakati ndi ka kumpoto. Sankhani ka kummwera, ka ku Kellog, n'komwe kali m'mabuku ambiri. Mukatha kusiyanitsa ma sul anayi aja ndi khutu lokha, mundilembere, tidzakambe za kuwerenga mpaka 5.